Mkulu Amene Ankadikira Chiswe

Apongozi anga, bambo Hilário, ankadana ndi chiswe kuposa munthu aliyense amene ndinamuonapo. Akaona kamzere kadothi kakukwera pa phaso, ankasiya chilichonse chimene chili m'manja, ngakhale kapu ya tiyi, n'kukakanda ndi chikhadabo uku akutukwana chamumtima. Koma zaka zawo zomaliza anazithera podikira chiswe chomwecho, monga mmene munthu amadikirira mlendo wa kutali. Kuno ku Degue ambiri amangowakumbukira ngati mkulu uja ankatembenuza dothi dzuwa lili paliwombo. Ndiye ndati ndilembe mmene zinalili, kuti mwana wanga Nilza akadzakula asadzamvere kwa anthu a m'njira.

Iwo anabadwira ku Angónia, cha ku Domwe, ndipo umisiri womanga anauphunzira ali mnyamata. Dothi ankalidziwa ndi zala. Ankatapa pang'ono, kulavulira, kulipota ngati chingwe, n'kuona kuti liduka litatalika bwanji. Likaduka msanga ankati mchenga wachuluka, likapanda kuduka ankati lidzang'aluka likauma. Nkhani zawo zonse zinali zimenezo. Ukawapatsa moni, ankayankha bwinobwino, koma maso ali pa khoma la kumbuyo kwako.

Nkhondo itafika kwawo anathawira ku Malawi ndi akazi awo, mayi Olinda, ndi ana awiri, Telma wamkulu ndi Dércio amene pano ndi mwamuna wanga. Ife a kwathu tinathawiranso komweko, ndipo Dércio ndinamudziwira kusukulu ya kumsasa wa othawa nkhondo, kumene ine ndinalekezera Sitandade sikisi. Kumsasako mitengo yabwino kunalibe. Munthu ukamanga kanyumba, chiswe chinkalowa m'nsanamira chaka chomwecho. Chaka china mvula ili mkati, mayi Olinda akudwala chifuwa, denga linagwa chifukwa nsanamira zinali zitadyedwa mkati. Ananyowa, matenda anakula, ndipo sanadzukenso. Chidani cha apongozi ndi chiswe chinachokera pamenepo.

Mtendere utabwera, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Apongozi anakafika ku Domwe n'kupeza nyumba ili phulusa, ndipo m'munda mwawo anthu ankati musapondemo, muli mabomba okwirira. Anamva kuti ku Tete akukonza misewu ndipo akufuna manja. Tinatsika tonse m'chaka cha 1994, ine nditangokwatiwa kumene, Telma naye ali ndi mwamuna wake Bento amene ankathandiza pa lole ndipo sankakhalitsa pakhomo. Kwa ife ozolowera mphepo ya kumapiri, Tete anali ng'anjo. Miyala, milambe, mbuzi, ndi kutentha koti ngakhale madzi a mumtsuko ankakhala ngati ophitsa.

Malo omanga anali ovuta, chifukwa anthu obwerera tinali ambiri. Kumapeto kwa bairro, dera lathu lino la Degue, kunali bwalo lina lathyathyathya limene aliyense ankalilambalala. M'nthawi ya nkhondo asilikali ankakonzerapo magalimoto awo. Pansi pake panali pakuda bii, popanda ndi udzu womwe, ndipo pakona pena panali mulu wa mabatire osweka. Woyandikana nawo malowo anali bambo Lourenço, Mnyungwe woweta mbuzi, munthu wa nthabwala.

“Imwe a ku Angónia,” anatero atationa tikuyendera malowo, “pamenepo ngakhale mbuzi zanga sizikodzapo. Ndipotu mbuzi zanga sizisankha.”

Apongozi anangoseka. Anatenga kathabwa kofewa ka bokosi la sopo, kukasongola, n'kukakhomera pansi. Anati tidikire mvula idutse. Mvula itadutsa anakazula chikhomo chija, n'kuchipeza chili chamtunthu, chopanda ndi kachibowo komwe. Tsiku limenelo ndinaona apongozi anga akuvina. Ankachikweza m'mwamba akuti, “Dércio, taona! Dothi loti chiswe chimaliopa! Amako akanakhala pamalo ngati ano bwenzi lero alipo.”

Palibe amene anafunsa kuti nanga chiswecho chikuopa chiyani. Ifenso tinkangosekerera.

Zidina zimene anaumba ndi dothi limenelo zinali zokongola, ndisaname. Zakuda, zolimba, ndipo madzi ankangotsetsereka ngati patsamba la nthochi. Masana kukatentha m'nyumba munkanunkha gazolyo, mafuta a magalimoto a asilikali aja, koma tinkati fungo lidzatha. Pozira makoma a mkati anasankha dothi la pakona ya mabatire paja, chifukwa linali lotuwa, losalala ngati ufa, lopanda timiyala. Nyumba itatha anthu ankabwera kudzaiona. Apongozi ankawagwira dzanja n'kuwasisititsa khoma.

Telma anali ndi pakati poyamba. Amayi anzanga mukudziwa mmene mimba imalamulira. Kwathu ku Angónia mayi wapakati akalakalaka dothi amapita pa chulu, kutapa, kuumika padzuwa kapena kukazinga paphale, n'kumadya pang'onopang'ono. Palibe amene amadabwa nazo. Amayi anga ankadya, agogo anga ankadya. Koma kuno pafupi ndi ife panalibe chulu, panali miyala yokhayokha. Ndiye Telma anayamba kutsina khoma la kuseri kwa chitseko. Ankati likukoma, lili ndi kakutsekemera kena. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri, pakhomapo panali patakumbika ngati mbale.

Anayamba kudandaula mutu ndi m'mimba. Milomo inatuwa, manja ankanjenjemera akamasenda nyemba. Tinkati ndi malungo, tinkati ndi kutentha kwa Tete. Mwezi wachisanu ndi chitatu mwana anasiya kugunda. Tinathamangira naye kuchipatala, ndipo mwanayo anabadwa atafa kale. Namwino anafunsa zimene Telma ankadya, ndipo atamva za khoma anagwedeza mutu. Anati sanganene motsimikiza, chifukwa magazi analinso ochepa ndipo malungo analipo, koma dothi limenelo wina akalione.

Mwana wotere kwathu timati nthayo. Amakaika ndi amayi okhaokha, dzenje losaya, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo salira mokweza. Amuna sapitako, safunsanso. Titabwerako tinapeza apongozi atakhala pa chidina panja, chipewa chili pabondo. Anatiyang'ana, ife tinawerama n'kulowa m'nyumba. Mwambo unatha choncho.

Nthawi imeneyo apongozi ankagwira ntchito pa obra, pamalo omanga msewu, m'gulu losakaniza dothi ndi kalu, uja ku Malawi tinkati laimu, kuti pansi palimbe phula lisanathiridwe. Pa obrapo panali mayi wina woyeza dothi, dona Argentina. Apongozi anakulunga kachidutswa ka chidina ndi ka pulasitala m'pepala n'kukamuonetsa. Mayiyo ananunkhiza, kufunsa kumene achitenga, ndipo Lamlungu lotsatira anabwera yekha kunyumba. Anazungulira bwalo lonse, kukumba apa ndi apo, n'kukaima nthawi yaitali pa mulu wa mabatire. Anthu oyandikana nafe anasonkhana, paja mlendo wovala nsapato za jombo sabwera tsiku lililonse.

“Bambo Hilário,” anatero, “dothi lanuli lili ndi matenda awiri. Lakudali ndi mafuta. Limenelo lingachire, koma ndi ntchito ya zaka. Lotuwali lili ndi mtovu wa m'mabatire. Mtovu suwola, supsa, sutha. Ukalowa m'thupi umafika mpaka kwa mwana ali m'mimba. Munthu asagonenso m'nyumba muno.”

Telma anali ataima pakhomo, akadali wofooka, atagwira mphuthu. Analankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

“Ndiye kuti nyumba yanu yadya mwana wanga, papá.”

Ine ndikhulupirira kuti akanakhala awiriwiri, apongozi akanayankha zina. Koma panali anthu, ena mwa iwo omwe aja ankasisititsidwa khoma. Nkhope yawo inachita mdima, ndipo anakweza mawu.

“Kodi ndinakutuma ndine kuti udye khoma?”

Ngakhale bambo Lourenço anayang'ana pansi. Telma analowa, kumanga zovala zake mu kapulana, chitenje cha kuno, n'kutuluka. Atafika pamsewu anatembenuka.

“Phazi langa likadzapondanso dothi lanuli, ndife.”

Anapita kwa mnzake wina kudera la Francisco Manyanga. Dércio anamutsatira kukamunyengerera, koma anabwerako yekha.

M'mawa mwake apongozi anakwera padenga n'kuyamba kuzula malata. Ife anatipezera kachipinda ka lendi kudera la Mateus Sansão Muthemba, iwo n'kutsala pabwalo paja, akugona pansi pa malata awiri otsamira pamtengo wa masawu umene unali m'mphepete mwa msewu. Dércio anawachonderera kuti malowo angowasiya, tikapemphe kwina.

“Ndikachoka ine pabwera wina,” anayankha. “Adzaona dothi lopanda chiswe, adzavina ngati ine. Komanso mlongo wako walumbirira dothi ili. Ndikalisintha likhala lina. Pamenepo lumbiro lake latha, abwera.”

Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo unali umenewo basi: kusintha dothi kuti Telma adzapondepo.

Dona Argentina anawaphunzitsa zochita, ndipo akuluakulu a pa obra atavomera, ankawapatsa matumba ong'ambika a kalu ndi simento. Anayamba ndi la mtovu. Anakumba dzenje lalikulu kumtunda kwa bwalo, kutali ndi kumene madzi a mvula amadutsa. Pansi ndi m'mbali anamata dongo la kumtsinje n'kulipsinja mpaka kulimba ngati mbiya. Kenako anapala pulasitala yense wa m'nyumba, kukumba pakona pa mabatire mpaka dothi lotuwa litatha, n'kumasakaniza ndi kalu ndi simento. Zonsezi ankayamba athira madzi kuti fumbi lisauluke, nsanza yonyowa ili kumphuno. Ankathira m'dzenjemo pang'ono, kupsinja ndi chipika, kuthiranso, kupsinjanso. Dona ankati mtovu sungauphe, koma ungaumange manja ndi miyendo kuti usayende. Pamwamba pake anaikapo konkire yochindikala. Khoma lija la kuseri kwa chitseko, lokumbika ngati mbale, analinyamula lathunthu osaliphwanya, n'kuliika pansi penipeni. Dércio ndi amene anaona zimenezo.

Dothi la mafuta ndiye linali bwalo lonse, kuphatikiza zidina za nyumba ija. Ankaliphwanya ndi piki, kuliyala m'mizere yosakwera kwambiri, kusakaniza ndi ndowe za mbuzi, utuchi wa kwa akalipentala ndi fumbi la makala, n'kumathirira. Pakapita masiku angapo ankalitembenuza lonse ndi khasu. Dona anati m'ndowemo muli tizilombo tosaoneka timene timadya mafuta, koma timafuna mpweya ndi madzi ngati ife tomwe. Apongozi anaikonda nkhani imeneyi. Ankati, “Ndikukamwetsa antchito anga,” n'kutsetsereka ndi zigubu ku Zambezi. Aliyense wodziwa Tete adziwa kuti kukwera kuchokera kumtsinje ndi madzi mu Okutobala si masewera.

Ndowe zinkachokera m'khola la bambo Lourenço, ndipo malipiro ake anali kumvera chipongwe chawo.

“Mkulu, anzanu amalima mapira, inu mukulima dothi. Mudzakolola liti?”

“Mudzamva.”

“Mukadzakolola mudzandipatseko thumba limodzi, ndikaphikire alendo.”

“Alendo anu ndi mbuzi, a Lourenço. Zidya kale makatoni.”

Ankatero akuseka, koma madzulo bambo Lourenço omwewo ankawabweretsera mkaka wa mbuzi m'botolo.

Msewu utapitirira kutsogolo, dona Argentina anasamutsidwa. Asanapite apongozi anamufunsa kuti adzadziwa bwanji kuti dothi lachira. Iye anati kuyeza kwenikweni kumafuna makina amene kuno kunalibe. Anati azinunkhiza, azifesa nyemba n'kuona ngati zimera, ndipo tizilombo tam'nthaka tikayamba kubwerera ndiye kuti mafuta akutha. Apongozi anati, “Basi, ndidzafunsa chiswe. Chimene chija sichinama.” Dona anawachenjeza kuti chiswe chidzangonena za mafuta, za mtovu sichidziwa. Anati pafupi ndi konkire pasadzalidwe chakudya, ndipo munthu asadzadyenso dothi la pamalopo ngakhale litaoneka bwino chotani. Apongozi anavomera. Tsiku lomwelo anasongola zikhomo n'kuzikhoma m'mizere yonse.

Chaka chimenecho nanenso ndinaima. Mwa mwambo wathu mpongozi ndi apongozi aamuna sitilankhulana nkhani zotere, ngakhale kuyang'anana m'maso sitiyang'anana. Koma Lamlungu lililonse ndinkapeza pakhomo pathu kathumba ka malambe oswa kale. Apongozi ankachoka ku Degue wapansi, kusiya, n'kubwerera osagogoda. Kwa Dércio anangoti, “Uwauze apongozi, pakamwa pakafuna dothi azimunga izi. Ndipo mapilitsi a magazi a kuchipatala asadumphitse.” Ndinkamunga malambewo mpaka mano kuyayamira. Nilza atabadwa anabwera kudzamuona, koma anakana kumunyamula. Anaonetsa zikhato zawo, mafuta atalowa m'ming'alu yonse, n'kuzibisa kumbuyo. Anangowerama n'kuti, “Takulandirani, mayi.”

Mvula yoyamba itatha anazula zikhomo, zonse zamtunthu. Nyemba zinamera zachikasu n'kufa. Anayambiranso: ndowe, utuchi, madzi, khasu. Chaka chachiwiri panamera chisoso ndi tiudzu, ndipo mbuzi za bambo Lourenço zinayamba kulowa. Bambo Lourenço ankati akufuna chipukuta misozi chifukwa ziweto zawo zasokonezeka mutu. Koma zikhomo zinali chimodzimodzi. Apongozi anayamba kuonda, ndipo anali ndi kachifuwa kouma kosatha.

Nthawi yonseyi Telma ankagulitsa mbatatesi za ku Angónia mumsika wa Kwachena. Anapitanso padera kachiwiri, ndipo Bento anakwera lole tsiku lina osabwereranso. Ine ndinkapita kukamuona, ankamubereka Nilza n'kumamuseweretsa, koma ndikangoti “apongozi akuti,” ankayamba kusanja mbatatesi zosanjidwa kale.

Chaka chachitatu, mvula itangosiya, apongozi anatulukira kwathu m'mawa atavala jekete. Jekete ku Tete! M'manja anali ndi kanthu kokulunga m'nsalu. Anamasula pamaso pa Dércio. Chinali chikhomo, chodyedwa mpaka kutsala ngati chisa cha njuchi, dothi lofiira lili m'mabowo.

“Chabwera,” anatero apongozi. “Uwapemphe apongozi andiperekeze kumsika. Mlongo wako amawamvera iwowa.”

Ndinabereka Nilza, iwo patsogolo ine pambuyo. Titafika, Telma anatiwona tili patali ndipo anaimirira. Zaka zonsezo anali asanayang'anane ndi bambo ake. Anagwada pang'ono.

“Mwadzuka bwanji, papá?”

“Ndadzuka, mwana wanga. Taona ichi.”

Anachiika pa benchi, pakati pa milu ya mbatatesi. Telma anachiyang'ana.

“Ndaona.”

“Chiswe chabwerera.”

“Chabwerera eti.”

“Ndi nyongolotsi zomwe. Ukakumba pang'ono ukuzipeza. Fungo lija latha, ungathe kununkhiza wekha. Mbali ya kumunsi ija ndi imene inavuta, ndinachita kuthira ndowe kawiri. Utuchi wa mlombwa sufulumira kuwola, wabwino ndi wa paini…”

Anapitiriza choncho, za ndowe, za mizere, za konkire. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti anene mawu amodzi okha. Telma nayenso ankadikira, maso ali pakamwa pawo. Koma apongozi anga chilankhulo chimene ankachidziwa chinali cha dothi. Atamaliza, Telma anapumira m'mwamba.

“Mwagwira ntchito, papá. Zonse zikubwerera kwanu kuja.”

Kenako anatembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa mtengo. Tinaima pang'ono, n'kunyamuka. Chikhomo anachisiya pa benchi pomwepo.

M'njira ndinaphwanya mwambo. Ndinafulumira mpaka kuyandikira, n'kunena ndikuyang'ana kumbali.

“Apongozi, mundikhululukire. Bwanji simunangowauza kuti pepa?”

Anayankha akuyenda, osatembenuka.

“Pakamwa panga ndi pamene panaononga, amake Nilza. Ndimati manja akonze.”

Sanataye mtima. Anati mwina Telma akufuna aone nyumba. Anamanga ina kumunsi kwa bwalo, kutali ndi konkire ija. Maziko anaika miyala, mkati anathira dothi lofiira lochokera kwina, losakaniza ndi kalu, lopsinjidwa bwino. Zidina anaumba ndi mchenga wa kumtsinje ndi simento. Panali chipinda chathu, chawo, ndi china chachitatu chimene chitseko chake anachipaka utoto wobiriwira. Palibe anafunsa kuti n'cha yani. Tinasamukiramo, ndipo anandipatsa malamulo: kuwaza madzi ndisanasese, kumusambitsa Nilza m'manja asanadye, masamba kudzala m'matayala okhala ndi dothi la kwina. Mpaka lero ndimatsata.

Chifuwa chija chinakula. Kuchipatala anawapatsa mankhwala, anawagoneka, kenako anatiuza kuti tibwerere nawo kunyumba. Ndinapita kumsika kukamuuza Telma. Chikhomo chija ndinachiona chitasomekedwa ku denga la benchi yake. Iye anangoti wamva.

Anabwera Loweruka masana. Ndinamuona ndili pakhonde, ataima pamsewu pansi pa mtengo wa masawu, atanyamula kabasiketi. Ndinathamanga.

“Alamu, lowani. Akhala akukutchulani.”

Anasuntha phazi mpaka pamalire, pamene mchenga wa msewu umathera, n'kulibweza. Thukuta linali kamukamu.

“Sindingathe, mlamu. Si mkwiyo ayi, mkwiyo unatha kale. Miyendo ikukana. Inu simukulimva fungo, koma ine ndikulimva.”

Ndinabwerera m'nyumba ndikusowa kuti ndikanena bwanji. Koma apongozi anali atamva mawu ake pawindo.

“Dércio, kaitane a Lourenço. Mundinyamule.”

“Mupite kuti, papá?”

“Kumsewu.”

“Dikirani pang'ono, mwina alowa. Zaka zonsezi mwavutikira chimenechi.”

“Ndati mundinyamule. Mwana waima padzuwa.”

Anawanyamula pa mphasa, Dércio kumutu, bambo Lourenço kumiyendo. Anadutsa nawo pabwalo lonse lija, pa udzu wobiriwira, pa mizere imene anaitembenuza ndi manja awo mpaka kutha mphamvu, n'kukawatsitsa pa mchenga wa msewu wa boma. Bambo Lourenço anati, “Mkulu, mwapepuka ngati nkhuku,” ndipo anapita kukaima kukhola kwawo.

Telma anakhala pansi, kuika mutu wa bambo ake pamiyendo pake. Ine ndinakhala chapatali ndi Nilza, koma ndinamva.

“Mawu aja ndinalankhula ngati chitsiru,” anatero apongozi. “Khoma ndinamanga ndine. Dothi ndinasankha ndine. Pepa, mwana wanga.”

Telma anawapukuta pamphumi ndi nsonga ya kapulana.

“Anali wamwamuna, papá. Simunafunse.”

“Amuna sitifunsa.”

“Ndikudziwa. Koma ndinkafuna wina afunse. Anali ndi tsitsi lambiri. Zala zazitali ngati zanuzi.”

Nthayo salira, tonse timadziwa. Koma tsiku limenelo apongozi anga analira mokweza pamsewu, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a njinga akudutsa n'kumacheuka. Telma anawagwira mutu, nayenso akulira. Palibe mayi wamkulu amene anabwera kudzawaletsa.

Mubasiketi muja munali mbatatesi zophika, zothira mchere ndi anyezi ngati mmene mayi Olinda ankaphikira. Apongozi anadya kachidutswa kamodzi. Dzuwa litapendeka tinafuna kuwabwezera m'nyumba, koma iwo anapempha kuti akhale kaye. Sanatchulenso zoti Telma alowe. Sanatchule ndi za chitseko chobiriwira chomwe.

Anamwalira sabata yotsatira. Pa maliro anthu anadzaza bwalo, koma Telma anayala chiguduli pansi pa masawu paja. Amayi ena ataona choncho anatuluka n'kukakhala naye, mpaka nyimbo zinkamveka mbali ziwiri, m'bwalo ndi pamsewu. Bokosi litatuluka Telma analowa m'mzere n'kuyenda pambuyo pake mpaka kumanda.

Pano Telma amabwera Lamlungu. Amaima pamsewu n'kuitana, “Nilza! Azakhali abwera!” Mwana amathamanga, ine ndimatulutsa mpando ndi madzi akumwa, timacheza pamthunzi mpaka madzulo. Sindimukakamiza. Tsiku lina anandifunsa kuti chitseko chobiriwiracho n'cha chipinda cha yani, ine ndinati timasungiramo chimanga. Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti wadziwa.

Mwezi wathawu ndinapeza kamzere kadothi kakukwera pa mphuthu ya chitseko chimenecho. Ndinamuonetsa Dércio. Anapita kukagula mankhwala a chiswe, kubwera nawo, n'kuima pamenepo botolo lili m'manja. Anaima nthawi yaitali. Kenako analiika pamwamba pa khoma pamene mwana sangafikire, n'kutuluka panja. Botololo likadali pomwepo losatsegula, ndipo kamzereko kafika pakati pa chitseko.